Ana a Jim Dickinson ndi agogo a m'mapiri a Mississippi

Mu 1985 a Jim Dickinson, katswiri wa piyano wa mumzinda wa Memphis yemwenso ankajambula nyimbo za anzake, ananyamula banja lawo n'kukakhala ku Hernando, katauni ka m'boma la DeSoto kumpoto kwa dera la Mississippi ku America. Si kutali, ndi makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Memphis kulowera kummwera. Mwana wawo woyamba, Luther, anali ndi zaka 12, mng'ono wake Cody ali ndi zaka 9. Patatha zaka khumi ndi chimodzi, mu 1996, anyamata awiriwa anayambitsa gulu loyimba la North Mississippi Allstars, lomwe likuyimbabe mpaka lero.

Mukafunsa kuti gululi ndi la anthu angati, yankho limavuta. Pa zithunzi zina ali atatu, pa zina anayi, pa nsanja zina mupeza anthu oposa khumi, ena atanyamula ng'oma zokoleka m'khosi. Okhawo amene sanachokepo ndi Luther pa gitala ndi Cody pa ng'oma. Ine ndimaona kuti mbiri ya gululi ndi mbiri ya dera lawo, ya mabanja anayi kapena asanu oyandikana amene ana awo amalowa ndi kutuluka m'gululi, ndipo munthu sangaimvetse popanda kuyamba wadziwa akuluakulu amene anawalera pa zoyimba.

Tiyambe ndi bambo awo. A Jim Dickinson anabadwa mu 1941, ndipo ngakhale dzina lawo silinkaoneka pachikuto cha zimbale zotchuka, manja awo ali pa nyimbo zambiri zimene dziko limadziwa. Mu Disembala 1969 gulu la Rolling Stones linapita kukajambula ku situdiyo ya Muscle Shoals ku Alabama, ndipo piyano imene imamveka mu nyimbo ya "Wild Horses" anayimba ndi iwowa. Anayimbirako Aretha Franklin ali m'gulu la Dixie Flyers, anajambula chimbale chachitatu cha gulu la Big Star, anagwira ntchito ndi Ry Cooder, ndipo mu 1997 anayimba nawo pa chimbale cha Bob Dylan cha Time Out of Mind. Ku Memphis anali ndi gulu lawo la anzawo apamtima lotchedwa Mud Boy and the Neutrons. Ana awo anakulira mu situdiyo, akupunthwa pa mawaya. Mu 1987, pamene bambowo ankajambula chimbale cha gulu la The Replacements, anamupatsa Luther gitala kuti ayimbeko pa nyimbo imodzi, mnyamatayo ali ndi zaka 14 zokha.

Ndiye kuti ana awa mwayi anabadwa nawo, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezo. Poyamba nyimbo zakumudzi analibe nazo ntchito. Anali ndi gulu lawo la punk lotchedwa DDT, pamodzi ndi mnzawo Paul Taylor, nyimbo zaphokoso zothamanga ngati za achinyamata ena onse a nthawi imeneyo. Blues ankaidziwa kudzera m'zimbale za bambo awo, ngati chinthu chakale cha anthu omwe anamwalira. Chomwe chinawatembenuza mitu n'kuzindikira kuti eni ake a nyimbozo anali moyo, akuyimba Lamlungu lililonse, pamtunda woti munthu n'kupita pa galimoto madzulo n'kubwerako usiku womwewo.

Anthu ambiri akamva za blues ya ku Mississippi amaganiza za Delta, chigwa chachonde cha m'mbali mwa mtsinje komwe kunali minda ikuluikulu ya thonje ya azungu. Kum'mawa kwa chigwacho kuli zitunda, dothi lake losabereka kwenikweni, minda ing'onoing'ono, ndipo mabanja ena a anthu akuda anali ndi malo awoawo. Madera a Como, Senatobia ndi Holly Springs ali kumeneko. Nyimbo za kuzitundako, zomwe amazitcha hill country blues, n'zosiyana ndi za m'chigwa. Woyimba amatha kukhala pa chord imodzi (kagwiridwe kamodzi ka mawaya a gitala) mphindi khumi osasuntha, chala chachikulu chikugunda waya wa besi mosalekeza, zala zinazo zikubwereza kachidutswa kamodzimodzi, mawu akulowa pamene woyimbayo wafunira. Gitala imagwira ntchito ya ng'oma. Kumva koyamba zimakhala ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi, uyu akakweza musi uyo watsitsa, ndipo umangozindikira kuti phazi lako layamba kale kutsatira.

Mchimwene wanga amaimba kiyibodi kutchalitchi, ndipo nditamuyikira nyimbo ya a Junior Kimbrough anamvetsera ndithu kwa kanthawi, kenako anandiyang'ana. "Achimwene, ndiye nyimboyi iyamba nthawi yanji?" Ankadikira kuti isinthe, ifike pa kolasi. Sinasinthe, koma foni anakana kundibwezera mpaka itatha.

A Junior Kimbrough, obadwa mu 1930, anali ndi malo awo omwera mowa ndi kuvina ku Chulahoma, nyumba yamatabwa m'mbali mwa msewu pafupi ndi Holly Springs. Lamlungu usiku iwo ankayimba, ana awo ali pa ng'oma ndi pa besi, ndipo mnansi wawo, a R.L. Burnside, nawonso ankabwera ndi ana awo. A Burnside anabadwa mu 1926, moyo wawo wonse anali mlimi wobwereka munda, woyendetsa thirakitala ndi msodzi. Anayesako kukakhala ku Chicago ali mnyamata, koma abale awo angapo, kuphatikizapo bambo awo, anaphedwa mumzindamo m'kanthawi kochepa, ndipo iwo anabwerera kumudzi. Gitala anaphunzira poonera a Fred McDowell a ku Como, omwe Alan Lomax, wosonkhanitsa nyimbo za m'midzi, anawajambula mu 1959. Akuluakulu awiriwa, a Kimbrough ndi a Burnside, dziko linadzawadziwa atakalamba, kampani yaing'ono ya nyimbo ya Fat Possum ya ku Oxford ku Mississippi komweko itatulutsa chimbale cha a Kimbrough cha All Night Long mu 1992 ndi cha a Burnside cha Too Bad Jim mu 1994. Ganizirani munthu kuyimba zaka makumi anayi m'zinyumba za mowa, n'kudzayamba kulandira ndalama yooneka tsitsi litayera.

Koma amene anamuumba kwambiri Luther ndi a Otha Turner, ndipo apa ndichedwepo. Agogo amenewa anabadwa mu 1907, ankalima ndi kuweta pa kamunda kawo ku Gravel Springs pafupi ndi Senatobia. Chida chawo chinali chitoliro cha bango. Ankadula okha bango, n'kutenthetsa chitsulo pamoto mpaka chifiire, n'kuboola nacho mabowo. Kumbuyo kwa chitolirocho kunkabwera ng'oma zitatu, yaikulu imodzi ndi zing'onozing'ono ziwiri, oyimba ake ali ana, adzukulu ndi anansi. Gululo ankalitcha Rising Star Fife and Drum Band. Chaka chilichonse chakumapeto kwa Ogasiti ankachititsa phwando pakhomo pawo. Ankapha mbuzi, kuiwiritsa mumphika waukulu n'kuiotcha, anthu n'kumagula nyamayo itaikidwa pakati pa buledi. Kukada ng'oma zinkazungulira bwalo, anthu akuvina m'fumbi atazinga woyimba chitoliro. Mwambo wa zitoliro ndi ng'oma umenewu ndi wakale kuposa blues ya gitala, ndipo Lomax anaupezako kale m'dera lomweli mu 1942 kwa a Sid Hemphill.

Luther ankapita kukakhala pakhonde la a Turner ndi gitala yake, kuyesa kutsatira chitoliro ndi kabotolo kovala kuchala, komwe amakatsetsereka pa mawaya kuti gitala ilire ngati mawu a munthu. Mukamumvetsera bwino lero, kaimbidwe kake ka gitala kali ndi mpweya wa chitoliro, mizere ifupiifupi yokwera m'mwamba yobwerezabwereza. Ndiyenso amene anajambula chimbale choyamba cha agogowa, Everybody Hollerin' Goat, chomwe chinatuluka mu 1998 eni ake ali ndi zaka 90. Anajambulanso china chotchedwa From Senegal to Senatobia, pomwe a Turner anayimba limodzi ndi oyimba a kumadzulo kwa Africa. Mu 2002 nyimbo yawo ya "Shimmy She Wobble" inamveka mu filimu ya Martin Scorsese ya Gangs of New York. Chimodzi mwa zifukwa zomwe ndimawalemekezera ana a Dickinson ndi ichi. Asanatulutse chimbale chawochawo, anayamba atulutsa cha mphunzitsi wawo.

Wina angafunse ngati ng'oma zimenezi zili ndi ubale ndi zathu. Munthu amene analemba mozama za funso limeneli timamudziwa kuno kwathu. A Gerhard Kubik a ku Austria, omwe anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba ku Blantyre mu 1967 n'kukhala mnzawo wa banja limenelo ku Chileka kwa zaka zambiri, anatulutsa buku la Africa and the Blues mu 1999, losindikizidwa ku Mississippi komweko. Iwo anapeza kuti mizu yambiri ya blues ikuloza kumadera ouma a mkati mwa kumadzulo kwa Africa, osati kuno kummwera, choncho tisathamangire kunena kuti ndi zathu. Komabe khutu lomwe linakulira pa chitoliro cha Donald Kachamba silisochera likamva a Otha Turner.

Tibwerere kwa anyamata aja. Atayambitsa gulu mu 1996, anthu ankasinthasintha, mpaka pamene Chris Chew anakhazikika pa besi. Chew, mnyamata wakuda wa thupi lalikulu wa ku Hernando komweko, anakulira mu nyimbo za kutchalitchi, ndipo mawu ake ndi besi yake yoyenda ngati ya kwaya ndi zomwe zinafewetsa phokoso la abale awiriwa. Atatuwa ndiwo anthu ambiri amawakumbukira akamva dzina la gululi. Cody, kuwonjezera pa ng'oma, anatulukira chida chake chodabwitsa. Anatenga thabwa lamalata lochapirapo zovala, lija agogo a kumeneko ankaligwiritsa ntchito ngati chisekese, n'kulilumikiza ku magetsi ndi timakina tosinthira mawu ta gitala. Akalikanda ndi zala zovala tizitsulo limalira ngati chinthu chochokera kumwezi. Ena amati ndi zamasewera chabe, ine ndimazikonda.

Chimbale chawo choyamba, Shake Hands with Shorty, chinatuluka mu 2000. Munalibe nyimbo yopeka okha ngakhale imodzi. Munali "Shake 'Em On Down" monga ankaiyimbira a McDowell, "Po Black Maddie" ndi "Goin' Down South" za a Burnside, "All Night Long" ya a Kimbrough, zonse zitakwezedwa mphamvu ndi kutalikitsidwa motsatira kaimbidwe ka gulu la rock la Allman Brothers. Chinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Grammy, ndipo chinawapezera mphoto ya nyimbo za blues ya W.C. Handy ya oyimba atsopano. Chachiwiri, 51 Phantom, cha mu 2001, chomwe bambo awo anajambula, chinali ndi nyimbo zawo zambiri, nachonso chinasankhidwa ku Grammy. Chaka chomwecho atatuwa anagwirizana ndi John Medeski ndi Robert Randolph kupanga gulu la The Word, loyimba nyimbo zauzimu ndi zida zokhazokha.

Apa pali nkhani yosautsa yomwe sitingailumphe. Mississippi ndi dera lomwe tsankho linazika mizu kuposa madera ambiri a ku America, ndipo mbiri ya rock yadzaza ndi azungu olemera ndi nyimbo za anthu akuda omwe anafa ali amphawi. Ana awiri achizungu a munthu wodziwika anatenga nyimbo za alimi okalamba, ndipo chimbale chawo choyamba chinafika pomwe eni nyimbowo anadikira moyo wonse kuti afikepo. Kusalungama kumeneko kulipo, ndipo kukoma mtima kwa Luther sikukuchotsa. Zomwe ndinganene mowateteza ndi zakuti sanabisepo komwe anatenga, mayina a eni nyimbo analembedwa, ndipo atatsegukirwa khomo sanalowe okha. Duwayne Burnside, mwana wa a R.L., anakhala membala wa gululi kwa zaka zingapo ngati woyimba gitala wachiwiri. Garry ndi Cedric Burnside anayimba nawo pa zimbale zawo. Ndipo kuphunzitsana kumeneku kunalipo kale m'derali asanabwere iwo, chifukwa Kenny Brown, mzungu yemwe anayimba gitala pambali pa a Burnside kwa zaka zambiri, mkuluyo ankamutcha mwana wake womulera.

Nthawi ya Duwayne ndi imene inabala Polaris mu 2003, chimbale chomwe anayesa kuyimba nyimbo zofewa zoti zizimveka pa wailesi. Kwa ine ndi chofooka pa zonse, ndipo sindichedwapo. Chomwe ndingakuuzeni kuti musakiphonye cha nthawi imeneyo ndi Hill Country Revue, chojambulidwa pa chikondwerero cha Bonnaroo ku Tennessee mu 2004. Tsiku limenelo anabweretsa mudzi wonse pa nsanja: bambo awo pa piyano, ng'oma za Rising Star, ana a Burnside, Chris Robinson wa gulu la rock la Black Crowes, ndi a R.L. Burnside eni ake, atafooka ndi matenda, atakhala pampando pakati pa onsewo ngati mfumu, akuponya mawu apa ndi apo.

Mukaika zaka za gululi pamzere, muona kuti zimayenda ndi maliro. A Kimbrough anamwalira mu Januwale 1998, chimbale choyamba chisanatuluke, ndipo nyumba yawo ya ku Chulahoma inapsa mu Epulo 2000. A Otha Turner anamwalira mu Febuluwale 2003, tsiku limodzi ndi mwana wawo wamkazi Bernice yemwe ankayimba ng'oma m'gulu lawo, ndipo pa maliro awiriwo amene anatsogolera ndi chitoliro anali mdzukulu wawo Sharde Thomas, kamtsikana ka zaka 13. A Burnside anatsatira pa 1 Seputembala 2005, chaka chomwe gululi linatulutsa Electric Blue Watermelon, chimbale chodzaza ndi kukumbukira akuluakulu amenewa, chomwenso chinasankhidwa ku Grammy. M'zaka zisanu ndi ziwiri aphunzitsi onse atatu anapita.

Kenaka aliyense anayamba kuyang'ana kwina. Mu 2005 abale awiriwa anamuyimbira John Hiatt pa chimbale chake cha Master of Disaster. Mu 2007 Luther analowa m'gulu la Black Crowes, lalikulu ndi la ndalama zambiri kuposa lawo, ndipo gitala yake ikumveka pa Warpaint ya mu 2008. Cody ndi Chew, posafuna kungokhala, anayambitsa gulu lina n'kulitcha dzina la chimbale cha ku Bonnaroo chija. Allstars inatulutsa Hernando mu 2008, chimbale cha rock cholemera, koma ambiri ankaganiza kuti gululi likutha.

Chomwe chinawabweza ndi maliro ena. A Jim Dickinson anamwalira pa 15 Ogasiti 2009 ku Memphis atachitidwa opaleshoni ya mtima. Patangopita masiku atatu, Luther anasonkhanitsa anzawo a bambo ake mu situdiyo ya banja ya Zebra Ranch n'kujambula nyimbo zauzimu zakale, popanda zokongoletsa, ndipo zinatuluka pa chimbale cha Onward and Upward. Mu 2011 gulu lonse linatulutsa Keys to the Kingdom, nyimbo za mwana yemwe wataya bambo pomwe iye mwini akuyembekezera kukhala bambo, ndipo Mavis Staples, Ry Cooder ndi Spooner Oldham anabwera kudzathandiza. Ndi chimbale cha imfa koma chosalira, muli nthabwala, muli kuvina. A Dickinson anasiya atanena mawu oti adzawakumbukire nawo, akuti iwo angofa chabe, sanachoke. Chaka chomwecho Luther anasiyana ndi Black Crowes.

Kwa ine chimbale chawo chabwino koposa ndi World Boogie Is Coming cha mu 2013, dzina lochokera ku mawu omwe bambo awo ankakonda kunena. Anachijambula okha, ndipo anabwerera ku nyimbo za a Burnside, a Kimbrough ndi a Turner, koma tsopano ngati anthu akuluakulu omwe alibenso woti awawongolere. N'chosapesa, nyimbo zina zimangoyamba pakati, kumveka anthu akulankhula, ng'oma za Rising Star zikulowa mwadzidzidzi, chitoliro cha Sharde pamwamba. Robert Plant wa gulu la Led Zeppelin akuyimbamo harmonica (kachida koyimba ndi pakamwa), koma mukapanda kuuzidwa simungadziwe. Lightnin' Malcolm, mnzake wa Cedric Burnside pa zoyimba, ndi mmodzi mwa omwe anagwira besi nthawi imeneyi, pamene Chris Chew ankaoneka mwa apo ndi apo mpaka anasiyiratu. Kuchoka kwa Chew ndimakumva. Abwerapo oyimba besi aluso pambuyo pake, koma kutentha kwa tchalitchi komwe iye ankabweretsa sikunabwererenso chimodzimodzi.

Prayer for Peace inatuluka mu 2017. Ya mu 2019, Up and Rolling, inabadwa mwa njira yachilendo. Wojambula zithunzi wa ku Texas, Wyatt McSpadden, anayendera derali mu 1996 n'kujambula abale awiriwa ali ndi a Turner komanso kunyumba ya a Kimbrough, zithunzizo n'kuiwalika. Zitapezeka patatha zaka zoposa makumi awiri, Luther analemba nyimbo poziyang'ana. Oyimba ambiri pa chimbalecho ndi a mbadwo wachiwiri ndi wachitatu, Cedric Burnside, Sharde Thomas, Duane Betts mwana wa Dickey Betts wa Allman Brothers, ndipo mulinso Jason Isbell ndi mayi Mavis Staples. Pa Set Sail ya mu 2022 woyimba mawu ambiri ndi Lamar Williams Jr., yemwe bambo ake ankayimba besi mu Allman Brothers m'zaka za m'ma 1970, ndipo William Bell, woyimba wakale wa kampani ya nyimbo ya Stax ya ku Memphis, akuyimbamo nyimbo imodzi. Chimenechi chinapendekera ku soul, chofatsa, ndipo amene amafuna fumbi la ku Gravel Springs sachikonda kwenikweni.

Mu 2022 momwemo Cedric Burnside, mdzukulu wa a R.L. yemwe anayamba kuwayimbira agogo akewo ng'oma ali ndi zaka 13, analandira Grammy ndi chimbale chake cha I Be Trying. Sharde Thomas akutsogolerabe Rising Star ndipo phwando la mbuzi analipitiriza. Ngati bandulo yanu ndi yochepa ndipo mukufuna kuyamba ndi chimodzi, musayambe ndi Allstars. Sakani kaye pa YouTube kanema wa mu 1978 wa a R.L. Burnside akuyimba "See My Jumper Hanging on the Line" atakhala panja pafupi ndi mpanda wa waya, kenako mumvere "Po Black Maddie" ya pa Shake Hands with Shorty, muone nokha zomwe anyamatawo anasunga ndi zomwe anawonjezera.